Lipoti: Khansa ya Mavalo ya Lance Armstrong, Chithandizo Chake ndi Zimene Buku Lake Linabisa

Lipoti ili ndalembera anzanga a m'zipatala, ophunzira zaudokotala ndi zaunamwino, ndiponso aliyense amene akudwazika m'bale wake wa khansa. Wodwala amene ndikufotokoza sanagonepo mu wodi yathu. Ndi Lance Armstrong wa ku America, katswiri wa mipikisano ya njinga, ndipo za matenda ake anaziika yekha pambalambanda m'buku lotchedwa It's Not About the Bike, limene analemba mothandizana ndi mtolankhani Sally Jenkins n'kutuluka mu 2000. Choncho palibe chinsinsi cha wodwala chimene ndikuulula.

M'bukumo muli nkhani ziwiri zolukanalukana. Ya matenda ndi yoona, ndipo ili ndi phunziro pafupifupi pa sitepe iliyonse ya chithandizo. Ya mipikisano inamangidwa pa bodza loti sankagwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa m'masewera, bodza limene mwiniwake anadzavomera mu 2013. Anthu ena anameza zonse, ena anataya zonse. Ife ochiritsa ntchito yathu ndi kuzilekanitsa, chifukwa wodwala akasokoneza ziwirizi amayamba kuganiza kuti khansa imathawa munthu wolimba mtima, pomwe chimene chinachiritsa Armstrong chili ndi dzina, mlingo ndi nthawi yake yoperekera.

Wodwalayo

Mwamuna wa zaka 25, wobadwa pa 18 Seputembala 1971 ku Texas. Anayamba kupalasa njinga ngati ntchito mu 1992 mu timu ya Motorola. Mu 1993, ali ndi zaka 21, anapambana mpikisano wa dziko lonse wa pamsewu ku Oslo. Anapambananso zigawo za Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, mu 1993 ndi 1995, ndipo mu 1996 anatenga mpikisano wa La Flèche Wallonne ku Belgium. Kunena mwachidule, anali mmodzi mwa anthu amphamvu kwambiri pa dziko lapansi kumbali ya mtima ndi mapapo. Mphamvu zomwezo ndi zimene zinathandiza kubisa matenda.

Mmene zinayambira

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pali phunziro lalikulu.

Kwa miyezi ingapo mbali ya kumanja ya mavalo ake inali yotupirako. Iye ankati ndi chishalo cha njinga, poti munthu wokhala pa chishalo maola ambiri tsiku lililonse sadabwa ndi ululu wa kumeneko. Mawere ankamupweteka, osalabadira. Mu Julaye 1996 anasiyira panjira Tour de France patangopita masiku ochepa chifukwa cha chifuwa ndi kutopa, nati ndi chimfine. Anapita ku masewera a Olympics ku Atlanta, n'kukhala pa nambala 6 pa mpikisano wothamanga payekhapayekha ndi nambala 12 pa wa gulu. Mu Seputembala, nthawi ya phwando la tsiku lake lobadwa, mutu unamuwawa koopsa, nati ndi mowa. Maso anayamba kuona mwachimbuuzi, nati mwina akufunika magalasi. Kenako anatsokomola magazi, koma poyamba anthu anaganiza kuti akuchokera m'mphuno. Chimene chinamufikitsa kwa dokotala n'chakuti kutupa kuja kunakula mpaka analephera kukhala pa chishalo.

Taonani kuti chizindikiro chilichonse chinali ndi chifukwa chake chomveka. Umu ndi mmene khansa imeneyi imapezera nthawi. Imagwira kwambiri anyamata a zaka zapakati pa 15 ndi 35, msinkhu umene munthu amadziona ngati sangadwale, ndipo imayambira pamalo pamene mwamuna amachita manyazi kuonetsa. Nthawi zambiri chotupacho sichipweteka n'komwe.

Kwathu kuno khansa ya mavalo si yochuluka ngati mwa azungu, zimenezo n'zodziwika. Koma kuchepa kwakeko kuli ndi ngozi yake: mnyamata wa kabaza akabwera ndi kutupa, maganizo athu amathamangira ku phudzi, ku matenda opatsirana pogonana, ku TB, kapena ku chishalo chomwecho. Zambiri mwa izo zimakhaladi zoona. Komabe pamafunika kugwira ndi manja. Wodwala ataimirira, gwirani mbali iliyonse pakati pa chala chachikulu ndi zala ziwiri, mumve ngati kuuma kuli m'kati mwenimweni kapena kumbuyo kumene kumadutsa njira ya umuna. Zimitsani magetsi, muunike ndi tochi kuchokera kumbuyo. Madzi a phudzi amawala mofiirira. Chotupa cholimba kuwala sikudutsa. Ngakhale kuwale, ngati simukutha kumva bwino zimene zili m'kati mwa madziwo, pakufunika sikani, chifukwa chotupa chimatha kubisala m'phudzi. Ndipo kutupa kumene sikunasinthe munthu atamaliza mankhwala opha tizilombo sikufuna mankhwala ena a mtundu womwewo, kukufuna kalata yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu.

Zimene anapeza

Pa 2 Okutobala 1996 anaonana ndi Dr. Jim Reeves, dokotala wa njira za mkodzo ku Austin. Sikani inaonetsa chotupa, ndipo ekisileyi ya pachifuwa inaonetsa zotupa zoposa 10 m'mapapo. M'mawa mwake anachitidwa opaleshoni yochotsa mbali yodwalayo. Opaleshoni imeneyi timacheka pa mphechepeche, osati pa thumba la mavalo, ndipo sitibaya chotupacho ndi singano kudzera pathumbapo pofuna kuyeza, kuopa kutsegulira khansa njira yatsopano.

Inali khansa ya gulu la non-seminoma, imene imathamanga. Inali itafika m'mimba ndi m'mapapo, ndipo patapita masiku anapezanso zotupa ziwiri mu ubongo. Imeneyi ndi siteji 3, ndipo pa khansa ya mavalo palibe siteji yoposa pamenepo.

Khansa imeneyi ili ndi chinthu chimodzi chotithandiza: imasiya zizindikiro m'magazi, zomwe ndi AFP, hCG ndi LDH. Homoni ya hCG ndi yomwe ija imatuluka mwa mayi woyembekezera, imene kachipangizo koyezera mimba kamaiona mu mkodzo. Mwa Armstrong inali yokwera kwambiri, ndipo ndi imene inkapweteketsa mawere aja. Ku chipatala chaching'ono kumene kulibe labu yoyeza zimenezi, kachipangizo ka mimba kakaonetsa mizere iwiri pa mkodzo wa mwamuna wotupa mavalo, mutumizeni tsiku lomwelo. Koma mzere umodzi usakupusitseni, pakuti zotupa zambiri sizitulutsa hCG.

Mu 1997 akatswiri a mayiko osiyanasiyana anagwirizana zogawa odwala otere m'magulu atatu. Amene khansa yafika mu ubongo, m'chiwindi kapena m'mafupa, kapena hCG yadutsa 50,000, ali m'gulu loopsa kwambiri. Pa nthawiyo, mwa odwala 100 a gulu limeneli, 48 okha ndi amene ankakhala ndi moyo pakatha zaka 5, pomwe m'gulu la ogwidwa msanga anali 92. Ziwerengero zatsopano za 2021 zinakwera kufika 67 ndi 96. Kusiyana kwa manambala a magulu awiriwo ndiye mtengo wa miyezi imene Armstrong anakhala akuti ndi chishalo.

Chithandizo

Asanalandire mankhwala anakasungitsa umuna, chifukwa mankhwala a khansa amatha kupha mbewu ya abambo kwa zaka kapena mpaka kalekale. Kwathu mwayi wosungitsa wotere ndi wosowa, koma kukambirana za kubereka tisanaike dilipi yoyamba ndi udindo wathu ndithu. Mnyamata wa zaka 25 sangafunse yekha pamaso pa amayi ake kapena mkazi wake. Tiziyambitsa ndife.

Ulendo woyamba wa mankhwala analandirira ku Austin, ndipo unali wa BEP, kutanthauza bleomycin, etoposide ndi cisplatin. Awa ndiwo mankhwala odalirika pa matendawa mpaka lero. Kenako dokotala wina wa khansa wa ku Vanderbilt University, wokonda masewera a njinga, anamulembera kalata yomulangiza kuti akamve maganizo a akatswiri enieni a khansa imeneyi. Anakafika ku Houston, kenako ku Indiana University mu mzinda wa Indianapolis, kwa Dr. Lawrence Einhorn ndi Dr. Craig Nichols.

Dzina la Einhorn likufunika kulidziwa. Mu 1965 Barnett Rosenberg wa ku Michigan State University anaona kuti mankhwala ena okhala ndi platinamu amaletsa maselo kugawikana. Mu 1974 Einhorn anayamba kupereka cisplatin pamodzi ndi vinblastine ndi bleomycin kwa anyamata amene khansa ya mavalo inali itafalikira. Kale odwala otere pafupifupi onse ankamwalira. Ndi njira yatsopanoyi oposa theka anayamba kuchira. Armstrong akanadwala zaka 25 m'mbuyo mwake, mtima wake wolimbawo sukanamupulumutsa.

Ku Indiana anapanga ziganizo ziwiri zimene ndimafuna wophunzira aliyense azimvetse.

Choyamba, anachotsa bleomycin. Mankhwalawa mwa odwala ena amaumitsa mapapo, n'kukhala ngati chikopa chouma chimene sichitambasukanso, ndipo ena amafa nazo. Kwa munthu amene mapapo ake ali kale ndi zotupa, komanso amene ntchito yake yonse ili m'mapapo, chiopsezocho chinali chachikulu. M'malo mwake anamupatsa VIP: etoposide, ifosfamide ndi cisplatin, maulendo atatu otsalawo. Sikuti VIP ndi yofewa, ayi. Kafukufuku amene Nichols yemweyo anatsogolera, wofalitsidwa mu 1998, anaonetsa kuti njira ziwirizi zimachiritsa mofanana, koma VIP imagwetsa kwambiri maselo a magazi. Ifosfamide imapsereza chikhodzodzo, n'chifukwa chake imayendera limodzi ndi mesna, mankhwala oteteza chikhodzodzocho. Madokotalawa anasinthanitsa vuto lokhalitsa la mapapo ndi mavuto owawa koma akanthawi, ndipo anatero atamufunsa wodwala chimene akufuna kudzachita akachira. Funso limenelo sililira ndalama. Mphunzitsi, woimba kwaya, mlimi, woyendetsa minibasi, aliyense ali ndi chiwalo chimene moyo wake wadalira, ndipo cisplatin imatha kugonthetsa makutu ndi kuchititsa dzanzi zala.

Chachiwiri, zotupa za mu ubongo sanaziwotche ndi cheza. Kumapeto kwa Okutobala 1996 Dr. Scott Shapiro anazichotsa ndi opaleshoni, pofuna kuteteza kuganiza ndi kukhazikika kwa thupi, zimene wopalasa njinga sangachite popanda. Ataziyeza anapeza kuti mbali yaikulu inali yakufa kale.

Amene sanaonepo ulendo wa cisplatin asaganize kuti ndi jakisoni mmodzi. Wodwala amakhala pa dilipi masiku 5 otsatizana, n'kupuma, n'kuyambanso pa tsiku la 22. Madzi a m'dilipi amalowa malita angapo patsiku kuti impso zisapse, ndipo namwino amayeza mkodzo wonse wotuluka n'kulemba pa tchati. Tsitsi limathothoka cha m'sabata yachitatu. Chakudya chimamveka chitsulo m'kamwa. Pofika ulendo wachitatu ndi wachinayi, munthu amene ankakwera mapiri a Alps amalephera kuyenda mtunda waufupi osapuma. Bukuli silinabise zimenezi, ndipo m'mbali imeneyi ndi loona kuposa timapepala tambiri timene timagawira odwala.

Chimene chimachiritsa ndi kusadumphitsa. Mlingo wokwanira, pa tsiku lake, maulendo onse anayi. Ulendo uliwonse ankayeza hCG, ndipo inkatsika monga ikuyenera kutsikira, pakuti mankhwala akamagwira ntchito homoniyi imachepa ndi theka pa tsiku limodzi kapena atatu alionse. Dilipi yomaliza inali pa 13 Disembala 1996, ndipo mu Febuluwale 1997 madokotala analengeza kuti khansa sikuonekanso.

Pali mfundo ina imene owerenga ambiri amaidumpha. Matendawa anamupeza ali pakati pa matimu awiri, akuchoka ku Motorola kupita ku Cofidis ya ku France, ndipo anapezeka kuti alibe inshuwalansi ya chipatala. Kampani ya magalasi ya Oakley, imene inkamuthandiza, ndi imene inamulowetsa pa inshuwalansi yake. Ngakhale katswiri wa dziko lonse anafunika wina womugwira dzanja pa nkhani ya ndalama. Cisplatin, etoposide, bleomycin ndi ifosfamide onse ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO, ndipo si mankhwala atsopano. Chimene chimalepheretsa odwala athu kawirikawiri ndi thiransipoti yobwerera pa tsiku la 22, chakudya cha womudikirira, ndi mantha a ulendo wachiwiri munthu atalawa woyamba.

Kubwerera pa njinga

Sizinayende mwamyaa. Cofidis inathetsa mgwirizano mu 1997, ndipo matimu akuluakulu sanamufune mpaka timu ya US Postal Service inamutenga pa malipiro ochepa. Mu Malichi 1998, pa mpikisano wa Paris–Nice, anatsika pa njinga mvula ikugwa, nabwerera kwawo ndi maganizo osiya. Ndimaona kuti gawo limeneli ndi lofunika kwa odwazika. Chaka choyamba munthu atachira chimakhala cholemetsa: abale akusangalala, iye akuopa ekisileyi yotsatira, kachifuwa kalikonse akuti yabweranso. Paja amati linda madzi apite ndiye uziti ndadala, ndipo pa khansa imeneyi madziwo amatenga nthawi, chifukwa ikamabwerera imakonda kubwerera m'zaka ziwiri zoyambirira.

Atachita maseweredwe olimbitsa thupi ku mapiri a Boone ku North Carolina anabwereranso, napambana Tour de Luxembourg, nakhala wachinayi pa mpikisano wa ku Spain wa Vuelta a España mu 1998. Mu Julaye 1999 anapambana Tour de France, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho mwana wake woyamba anabadwa kuchokera ku umuna umene anasungitsa uja. Bukuli likuthera chapamenepa. Anadzapambananso mpikisanowo chaka chilichonse mpaka 2005, kasanu ndi kawiri motsatizana. Bungwe limene anayambitsa mu 1997, lodzatchedwa Livestrong, linagulitsa zibangili zachikasu mamiliyoni ambiri kuyambira 2004 n'kuthandiza anthu ochuluka okhala ndi khansa.

Zimene bukuli silinanene

Mu Ogasiti 2012 bungwe la USADA, loona za mankhwala oletsedwa m'masewera ku America, linamuletsa kupikisana moyo wake wonse n'kufufuta zonse zimene anapambana kuyambira pa 1 Ogasiti 1998. Pa 22 Okutobala 2012 bungwe la njinga la dziko lonse, UCI, linavomereza. Mu Januwale 2013, pocheza ndi Oprah Winfrey pa pulogalamu yake ya pa TV, anavomera kuti pa maulendo onse 7 ankagwiritsa ntchito zoletsedwa: EPO, testosterone, cortisone, homoni yokulitsa thupi ndi kuikidwa magazi. Mu 2018 anagwirizana zolipira boma la America madola 5 miliyoni pothetsa mlandu wokhudza chinyengochi.

Kwa ine, mbali yopweteka ndi ya EPO. Mankhwalawa amachulukitsa maselo ofiira a magazi, ndipo Armstrong anawalandira movomerezeka ali pa chithandizo, magazi atatsika. Mankhwala omwewo, opangidwira wodwala impso ndi wodwala khansa, anadzawagwiritsa ntchito ali bwinobwino kuti apose anzake, uku akuuza dziko kuti munthu amene anaona imfa sangaikenso zoipa m'thupi mwake. Anatenga matenda ake n'kuwasandutsa chishango, ndipo amene ankanena zoona ankawakokera ku khoti ndi kuwanyoza. Frankie Andreu, mnzake wa mu timu, ndi mkazi wake Betsy, anachitira umboni molumbira kuti mu Okutobala 1996, m'chipinda cha chipatala ku Indiana, anamumva akuuza madokotala za mankhwala oletsedwa amene ankagwiritsa ntchito. Iye anakana zimenezo kwa zaka zambiri.

Kodi mankhwalawo ndi amene anayambitsa khansa? Palibe umboni wotsimikiza zimenezo. Zinthu zodziwika zimene zimakweza chiopsezo ndi mavalo amene sanatsike ali mwana, mbiri ya khansayi kubanja, ndi kudwalapo mbali inayo. Iye mwini, mu filimu ya 2020 ya kanema wa zamasewera wa ESPN, anati anayamba zoletsedwa ali ndi zaka 21 ndipo sangakanetu kuti homoni yokulitsa thupi inatengapo mbali. Kupalasa njinga pakokha sikuyambitsa khansa ya mavalo, ndipo a kabaza asachite mantha ndi ntchito yawo. Chofunika kwa ife n'chakuti tizifunsa wodwala aliyense, paokha ndi mosaweruza, zonse zimene akumwa kapena kudzibaya, kuphatikizapo za ku jimu ndi za azitsamba.

Nkhani yotchuka ija, yoti khansa inamuchepetsa thupi n'kumusandutsa katswiri wokwera mapiri, sitingaigwiritsenso ntchito. Zotsatira zake za 1999 mpaka 2005 sizingatiuze chimene thupi lochira khansa lingathe palokha. Chimene tingatsimikize n'chakuti mapapo ake anatetezeka, ubongo wake unatetezeka, anabereka, ndipo patha zaka zoposa 25 ali moyo.

Chodabwitsa china: hCG ili pa mndandanda wa zoletsedwa kwa amuna ochita masewera, choncho kuyeza kwa mankhwala oletsedwa kwapulumutsapo anthu. Alan Stubbs, wosewera mpira wa timu ya Celtic, anadziwa za khansa yake mu 1999 kudzera mu kuyezedwa kotere atatha masewera omaliza a chikho cha Scotland.

Zimene ndimauza wodwala

Wodwala akatchula Armstrong sindimutsutsa msanga, chifukwa nthawi zina dzinalo ndi lokhalo limene akudziwa la munthu amene anachira. Ndimamuuza kuti kuchirako n'koona, ndipo mankhwala ake ndi omwewa tikufuna kumupatsawa. Koma mawu oti "limbani mtima, mugonjetsa" ndimawapewa. Ndaona anthu olimba mtima kwambiri akumwalira chifukwa anafika mochedwa kapena chotupa chinakana mankhwala, ndipo si bwino kuti achibale atsale akuganiza kuti m'bale wawo sanayesetse. Kulimba mtima kumene ndimapempha n'kwa mtundu wina: kuvula pamaso pa dokotala, kuvomera opaleshoni, ndi kubwerera pa tsiku la dilipi ngakhale thupi likukana.

Akafuna chitsanzo cha wamasewera, ndimatchula Sébastien Haller wa ku Ivory Coast. Anapezeka ndi khansa yomweyi mu Julaye 2022 atangolowa timu ya Borussia Dortmund, anachitidwa maopaleshoni awiri ndi kulandira mankhwala, anabwerera m'bwalo mu Januwale 2023, ndipo mu Febuluwale 2024 anagoletsa chigoli chopambanira pa ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Abidjan, pamene dziko lake linagonjetsa Nigeria 2–1. Anyamata ambiri anaonera masewerawo, ndipo nkhope zimasintha akamva kuti munthu uja ali ndi mbiri ngati yawo.

Mafunso awiri amene amabwera mochedwa, wodwala atatsala pang'ono kutuluka m'chipinda, ndi a m'banja ndi a ntchito. Yankho la loyamba n'lakuti mbali imodzi yotsalayo nthawi zambiri imakwanitsa kupanga homoni yachimuna ndi umuna, mphamvu za kuchipinda sizitha, ndipo mwa amuna ambiri mbewu imabwerera pakapita zaka zingapo mankhwala atatha. Pa nthawi ya mankhwala ndi miyezi ingapo pambuyo pake banja lizilera. Pa za ntchito, bala la pa mphechepeche limafuna masabata angapo munthu asananyamule katundu wolemera kapena kukwera njinga, ndipo amene walandira cisplatin ayambe pang'onopang'ono, magazi atabwerera m'malo mwake.

Amene mwamukayikira kuti ali ndi chotupa cholimba, mutumizeni ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo m'kalatamo lembani tsiku limene kutupa kunayamba, mankhwala amene walandira kale, ndi zotsatira za ekisileyi ya pachifuwa ngati ilipo. Amene wamaliza mankhwala apitirize kubwera kwa zaka zosachepera 5, pafupipafupi m'zaka ziwiri zoyamba, kuti tiziyeza AFP ndi hCG, kujambula pachifuwa ndi m'mimba, kuona impso, makutu ndi kuthamanga kwa magazi, ndi kugwira mbali yotsalayo, pakuti mwa odwala ochepa khansa imadzayambanso kumeneko.